Mpando Wothina

Ewan Thackray ataona mkulu woyeza magalimoto akubwera ndi ndodo yake yachitsulo, mtima unayamba kugunda ngati wa munthu wogwidwa akuba. Anali atakhala kale m'galimoto yake yobiriwira, chisoti chili kumutu, malamba ali m'mapewa. Mwakachetechete anasendeza matako kutsogolo, napinda msana, n'kulowetsa khosi m'mapewa ngati kamba. Maondo anakagunda chitsulo cha kunsi kwa chiwongolero. Ululu unafika mpaka m'chiuno, koma analuma mano.

Galimoto za mpikisano wa mtunduwu zilibe denga. Mumalowa munthu mmodzi, chogona chagada, ndipo matayala onse anayi amakhala panja opanda chowaphimba. Ikagubuduka, chopulumutsa mutu ndi zitsulo ziwiri zopindika, china kumbuyo kwa chisoti, china kutsogolo kwa chiwongolero. Lamulo lake ndi losavuta: akagoneka ndodo pamwamba pa zitsulo ziwirizo, pakati pa ndodo ndi chisoti pazitsala mpata.

Mkuluyo anagoneka ndodo, nawerama, nalowetsa zala pampatapo.

"Mpata ulipo, koma wayamba kuchepa," anatero. "Kodi kwanu amakuthira feteleza, mnyamata iwe?"

Ewan anaseka mokakamiza. Anadzapuma bwino mkuluyo atamata kapepala kovomereza pagalimoto n'kupita kugalaja yotsatira.

"Mlongoti wapulumukanso!" Anali Tamsin Ferriby, mtsikana amene ankayendetsa galimoto inayo ya timu yawo. Anali wamfupi, wosasowa chonena, ndipo anali atatsamira khoma akudya banzi la nyama yankhumba yootcha. "Tsiku lina adzakuboolera pansi kuti miyendo izilendewera kunja."

"Iwe takhala chete," anayankha Ewan uku akudzikoka kuti atuluke. "Si iwe amakuikira pilo kuti uzitha kuona kutsogolo?"

"Pilo yemweyo ndi amene anakusiya m'mbuyo ulendo watha, aise."

Mpando wa galimoto yotere sagula kusitolo. Amaumbira pathupi pa mwini wake. Mwezi wa Febuluwale, mipikisano isanayambe, a Dez, makaniko wa timuyo, anaika chithumba chakuda cha pulasitiki kumsana kwa Ewan n'kuthiramo mankhwala awiri amene akasakanikirana amafufuma ngati thovu, kenako n'kuuma gwa. Mpandowo unatuluka womukwana bwino, fupa lililonse lili ndi malo ake. Koma Ewan anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mafupa a msinkhu umenewo samva za mipando. Pofika nyengo yotentha, ovololo yake yosagwira moto inali italekeza pamwamba pa akakolo, moti ankabisa ndi masokosi ataliatali. Mayi ake, amene ankaphika pasukulu ya pulaimale ku Doncaster, ankadandaula kuti buledi sakugonanso m'nyumba.

"Wongoka, mwana iwe!" ankatero tsiku ndi tsiku. "Ukuyenda ngati wasenza thumba la mbatata."

Iwo sankadziwa kuti kupindikako kunali kwadala. Kumipikisano mawu akuti mpando amatanthauza zinthu ziwiri: chokhalira chija, ndiponso malo a munthu m'timu. Ewan ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti woyambawo ukamuchepera, wachiwiriwo upita. Chaka chathacho, akadali wothamangitsa tingolo tating'ono ta injini timene ana amayambira, anabwera kudzacheza kugalaja ino n'kumva Mayi Ackroyd, eni timu, akulankhula ndi a Dez za Lachlan, mnyamata wamtali amene ankayendetsa galimoto yobiriwirayi pa nthawiyo.

"Uyu galimoto yathu yamuchepera," anatero mayiwo. "Chaka chamawa sakhala nafe."

Lachlan anachokadi, ndipo mpando wake anaupeza ndi Ewan. Mawu aja sanachoke m'mutu mwake. Tsopano unali mpikisano womaliza wa chaka, pabwalo lakale la ndege zankhondo m'zigwa za Lincolnshire, ndipo Mayi Ackroyd anali atanena kuti Lamulungu madzulo alengeza amene asunge mipando chaka chamawa. Ana ofuna mipandoyo analipo ambiri, ndipo ambiri a iwo anali aafupi. Ewan anatsimikiza mtima kuti apirira mpaka Lamulungu, zinazo zidzaoneka.

Vuto linali mwendo wakumanzere. Buleki ya galimoto zimenezi saiponda mwaulemu ngati ya galimoto ya banja. Imafuna kuiponda ngati ukuthyola chitseko. Munthu akakhala chopindika, bondo litakanirira pachitsulo, magazi sayenda. Ewan akazungulira bwalo kangapo, mwendo unkachita dzanzi kuyambira m'chiuno mpaka kuzala, ndipo galimoto inkachedwa kuima. Koyamba Mayi Ackroyd atamufunsa chifukwa chake ankapitirira pokhota, pakamwa panayankha mutu usanaganize.

"Mabuleki ndi ofewa, mayi. Sakugwira."

Kuchokera tsiku limenelo a Dez sanaone mtendere. Anasintha mafuta a mabuleki, anasintha zogwirira, anamasula timapaipi tonse n'kutibwezera. Anali munthu wachikulire wa ndevu zaimvi, wokonda kuimba malikhweru pogwira ntchito, koma m'masabata amenewo malikhweruwo anatha. Ewan akawaona atagwada pambali pa tayala, manyazi ankamugwira, koma mantha ankaposa manyaziwo.

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Mayi ake anamupatsa tiyi wamkaka kumbuyo kwa vani yawo yakale, imene ankagonamo akabwera kumipikisano.

"Nkhope yakoyi siikundisangalatsa," anatero. "Ukudwala?"

"Ayi, amayi. Kuzizira basi."

"Nanga ukutsimphina chifukwa chiyani?"

"Sindikutsimphina. Nsapato ndi yatsopano."

Mayiwo anangomukonza kolala.

Mpikisano woyamba mwa iwiri ya sabatayo unayamba dzuwa litakwera, msewu utayamba kuuma. Ewan ananyamuka bwino. Pofika pakati pa mpikisano anali wachinayi, ndipo kutsogolo kwake kunali Tamsin. Mtsikanayo anali asanakwerepo pansanja ya opambana atatu chaka chonsecho, ndipo tsikulo ankayendetsa ngati munthu amene wanunkhiza kale chikho. Ewan ankamutsatira pafupi, mphuno ya galimoto yake ili kumbuyo kwenikweni kwa matayala a mnzakeyo. Mwendo unali utayamba kale kuyerayera ngati mukuyenda nyerere. Kenako nyererezo zinasiya, ndipo sanamvenso kanthu.

Kumapeto kwa msewu wowongoka kunali kona yothina kwambiri, imene onse ankaitcha ya pa Khola chifukwa cha khola lakale la nkhosa limene linali kuseri kwa mpanda. Tamsin anaponda buleki pamalo ake. Ewan anauza mwendo wake kuti uponde, koma mwendowo unangotsamira pachopondera ngati chikuni. Anayesa kukhotera kumbali, koma anali atachedwa. Tayala lake lakutsogolo linakhudza tayala lakumbuyo la Tamsin, ndipo matayala opanda chophimba akakhudzana motero, lina limakwera pa linzake. Mphuno ya galimoto inadumpha m'mwamba. Ewan anaona mitambo yokhayokha, kenako galimoto inagwa pansi ndi chiphokoso n'kuseseleka kulowa m'timiyala ta m'mbali mwa msewu. Ya Tamsin inazungulira kawiri n'kudzaima pafupi naye, tayala limodzi litapindikira m'kati.

Anthu ovala zofiirira othandiza pabwalo anathamangira. Palibe anavulala. Tamsin anatuluka yekha, navula chisoti, nabwera chilili. Ewan ankayembekezera kutukwanidwa, koma mtsikanayo anangomuyang'ana misozi ili m'maso, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwana.

"Ndinali wachitatu, Ewan," anatero. Sanamutchule Mlongoti.

Galimoto zitabwezedwa kugalaja, Mayi Ackroyd anatseka chitseko chachikulu kuti anthu odutsa asamve. Anali mayi wowonda wa tsitsi lalifupi, amene nayenso anathamangitsapo magalimoto ali mtsikana, ndipo akakwiya mawu ake ankatsika m'malo mokwera.

"Oweruza mpikisano akufuna Ewan posachedwapa," anatero. "Ndiwauza kuti mabuleki anakana. Akamva zimenezo sam'patsa chilango." Kenako anatembenukira kwa makaniko. "Desmond, takhala limodzi zaka zambiri. Koma mwanayu wakhala akudandaula za mabuleki amenewa kuyambira nyengo yotentha, ndipo lero tikanatola mitembo iwiri. Galimoto iyi musaikhudzenso. Ndipempha makaniko wa timu ina aione."

A Dez sanadziteteze. Anapukuta manja pakansanza, napinda kansanzako bwinobwino, nakaika pabokosi la masipanala.

Ewan anaona kuti njira yatseguka. Akangokhala chete, chilango kulibe, mawa anyamuka pamalo abwino, ndipo mpando ukhoza kukhala wake. Anayang'ana Tamsin, amene anali atakhala pa tayala akuchotsa timiyala m'nsapato. Anayang'ana a Dez, amene tsopano ankavala jekete lawo pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"A Dez, dikirani," anatero. "Mungandibwerekereko ndodo ija kwa oyeza?"

Onse anamuyang'ana modabwa, koma a Dez anapita n'kubwera nayo. Ewan anavala chisoti, nalowa m'galimoto yophwanyika mphunoyo. Ulendo uno sanasendeze matako. Anakhala m'dzenje la mpando momwe anaumbira, msana utagunda kumbuyo, khosi litawongoka.

"Gonekani," anatero.

A Dez anagoneka ndodo. Siinafike n'komwe pachitsulo chakutsogolo. Inakhala pamwamba pa chisoti n'kumapendekeka uku ndi uku.

"Mabuleki alibe vuto, mayi," anatero Ewan ali m'chisoti momwemo, chifukwa kuvula kunali kovuta kuposa kulankhula. "Sanakhalepo ndi vuto. Ndakula. Ndimakhala chopindika kuti ndodo idutse, ndiye mwendo umachita dzanzi. Pa Khola paja sindimaumva n'komwe. A Dez sanalakwe chilichonse."

Mayi Ackroyd anachotsa ndodo ija pang'onopang'ono n'kuiimika pakhoma.

"Vula chisoti ndikuone kumaso," anatero. Ewan anavula. "Miyezi yonseyi? Chifukwa chiyani sunanene?"

"Ndinkaopa kuti mundichotsa ngati Lachlan. Ndinakumvani ndi makutu anga. Munati galimoto yamuchepera."

Mayiwo ndi a Dez anayang'anana. A Dez anagwira ndevu zawo, natulutsa mpweya wautali.

"Mphwanga," anatero, "Lachlan anapambana pafupifupi mipikisano yonse chaka chimene chija. Galimoto inamuchepera chifukwa panalibenso choti aphunzire mmenemu. Pano ali ku galimoto zazikulu, akuthamanga ku Italy. Za msinkhu wake palibe anatchulapo."

"Kuumba mpando wina ndi ntchito ya masana amodzi," anawonjezera Mayi Ackroyd. "Zopondera timatha kuzisendeza kutsogolo. Ukanangotsegula pakamwa."

Ewan anamva nkhope ikutentha mpaka m'makutu. Miyezi yonse ya ululu, masokosi ataliatali, kuyenda chopindika, zonsezo anadzivutitsa chifukwa cha mawu amene sanawamvetse. Tamsin anaponya nsapato yake pansi.

"Ndiye chikho changa chapita chifukwa cha makutu akowo? Mutu uli kumwambamwamba koma wosamva zapansi!"

"Pepa, Tamsin."

"Pepa wakoyo sawongola tayala."

Mayi Ackroyd anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Choyamba anapita kwa a Dez n'kuwagwira paphewa. "Desmond, ndakulakwirani. Vulani jeketelo." Kenako anabwerera kwa Ewan, ndipo mawu awo anatsika kwambiri. "Ine sindikhala m'galimotomo. Chimene ndimadziwa cha galimoto iyi ndi chimene iwe wandiuza ukatsika. Mawa ukadzandiuza kuti chiwongolero chikulemera, ndidzatani? Ndidzatuma Desmond kukamasula, kapena ndidzayamba ndakuyeza miyendo?"

Mayiwo analoza kukhomo.

"Kwa oweruza upita wekha, ukanene zimene wanena panozi. Za mpando wa chaka chamawa usandifunse. Panopa sindikudziwa."

Oweruza anamumvetsera osamudula mawu, ndipo chigamulo chawo chinali chachifupi: mpikisano wa Lamulungu adzanyamuka kumbuyo kwa onse, ndipo galimoto iyezedwenso iye atakhala mowongoka. Potuluka anapeza mayi ake akumudikira panja, manja ali m'matumba a jekete. Tamsin anali atawafotokozera zonse.

"Nsapato yatsopano, eti?" anatero.

"Pepani, amayi."

"Tikhoza kupakira katundu tizipita. Palibe angakuseke."

Ewan anapukusa mutu. "Ndinyamuka kumbuyo komweko. Ngati uli mpikisano wanga womaliza, ndikufuna ndiuyendetse ndi miyendo iwiri."

Mayi ake anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu, kenako anagwedeza mutu. "Ndiye kadye kaye. Munthu wanjala saganiza bwino, ndipo iwe waonetsa kale kuti kuganiza kumakuvuta."

Masana onsewo Ewan sanakhale pansi. Anagwada pambali pa galimoto ya Tamsin n'kumatola timiyala m'mabowo onse, kamodzikamodzi, mpaka zala zinachita matuza. Anagwirira a Dez zitsulo pamene ankasintha chitsulo chogwira tayala lopindika lija. Galimoto ya Tamsin itatha, mpamene anayamba yake: mphuno yatsopano, zopondera kuzisendeza kutsogolo mpaka pomalizira, kenako chithumba chakuda chija.

"Khala mmene ufunira kukhalira mawa," anatero a Dez akusakaniza mankhwala m'chidebe. "Thovuli silidziwa bodza kapena zoona. Limangouma mmene wakhaliramo. Tamsin, tabwera udzagwire kukamwa kwa thumbali."

Tamsin anabwera monyinyirika. Thovu linayamba kufufuma, lofunda, likukwera kumsana, kuzungulira nthiti, kudzaza paliponse pamene panali mpata. Ewan anatsitsa chiuno pansi penipeni pa galimoto, miyendo itatambasuka, mapewa ali omasuka kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri.

"Ukangogwedezeka ndikuthira linalo m'khosi," anatero Tamsin.

"Sindigwedezeka."

"Ukayetsemula, uyendetsa chopendekeka chaka chonse. Ngati chakacho uli nacho."

Ewan anakhala duu mpaka thovu litauma, ngakhale mphuno inkamuyabwa. A Dez anatulutsa mpandowo, nausenga m'mbali ndi mpeni wa buledi, naukulunga ndi tepi yakuda. Ali pakati pa ntchitoyo anayamba kuimba malikhweru, ndipo Ewan anatembenukira kukhoma kuti asaonedwe m'maso.

Lamulungu m'mawa mkulu woyeza uja anagonekanso ndodo yake. Zala zake zinalowa pampata mosavuta.

"Dzana unali wamtali, lero wafupika," anatero. "Ana a masiku ano!"

Kumbuyo kwa mzere n'kutali. Kuchokera pamene Ewan anaima, magetsi onyamukira ankaoneka ngati timakala tofiira, ndipo pakati pa iye ndi magetsiwo panali magalimoto oposa makumi awiri akulira. Anagwedeza zala za kuphazi lakumanzere m'nsapato, ndipo zonse zinayankha. Magetsi atazima ananyamuka.

Pakona yoyamba anaponda buleki, ndipo galimoto inaima mwamphamvu moti malamba anamuluma m'mapewa. Anatsala pang'ono kuseka m'chisoti. Mabuleki a a Dez anali otere nthawi yonseyi! Anadutsa awiri pomwepo. Anapitirira wina potuluka pakona yachitatu, winanso pamsewu wowongoka. Sanathamangire kulowa pamene panalibe malo. Ankatsatira munthu, n'kuona pamene amachita mantha, n'kudikira ulendo wotsatira. Pa Khola, pamene timiyala tinali tikuonetsabe mizere ya dzulo, mtima unkamuuza kuti aponde msanga, koma ankaukaniza mpaka pachikwangwani chosonyeza poyambira kuponda buleki. Pamenepo anadutsa mnyamata wa galimoto yofiira, matayala awo ali pafupi moti pakati pakanangolowa chikhatho, koma osakhudzana.

Analakwitsa kamodzi. Chakumapeto, atatengeka ndi kufuna kugwira gulu lakutsogolo, anaponda buleki mopitirira pakona yakuseri kwa mitengo, kumene kulibe oonerera. Tayala lakutsogolo lakumanzere linaima n'kukhwekhwereza pamsewu, utsi n'kutuluka. Kuchokera apo chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja, ndipo gulu lija linam'thawa. Anagwira zolimba, mikono ikuwawa, n'kuteteza malo ake mpaka mbendera ya mabokosi akuda ndi oyera. Anamaliza wachisanu ndi chiwiri.

Pobwerera anamva dzina la Tamsin pa zokuzira mawu. Anali wachitatu. Ewan anaimika galimoto n'kuthamangira kunsi kwa nsanja, naomba m'manja mpaka matuza aja anaphulika. Tamsin anamuona, chifukwa mutu wake unali pamwamba pa anthu onse, ndipo anam'tulutsira lilime atanyamula chikho.

Madzulo, akupakira katundu, Mayi Ackroyd anamuitana. Anali atagwada pambali pa galimoto yobiriwira, chala chawo chikusisita tayala lakutsogolo lakumanzere pamalo pamene mphira unaperepeseka n'kukhala fulati. A Dez anali chapafupi akukulunga chingwe cha magetsi, ndipo mayi ake a Ewan anaima pakhomo.

"Wadutsa anthu ambiri lero," anatero Mayi Ackroyd osamuyang'ana. "Ukanatha kufika wachisanu, koma chakumapeto unabwerera m'mbuyo. Tayala ili laonongeka. Pamene zinachitikira sitimatha kuona. Mwina buleki ya mbali iyi ikugwira kwambiri kuposa inzake. Zimachitika galimoto ikagundidwa."

Ewan anadziwa kuti wachisanu akanamveka bwino kuposa wachisanu ndi chiwiri, ndipo kuti mawu amodzi okha akanam'patsa malo awiriwo m'maganizo mwa mayiwo.

"Ayi, mayi. Buleki ili bwino mbali zonse. Ndi ineyo. Ndinapupuluma kuseri kwa mitengo, ndinaponda mochedwa komanso mopitirira. Galimoto inalibe vuto lililonse lero."

"Palibiretu?"

Ewan anaganiza kaye. "Kalipo kamodzi. Tepi ya pampando yamatuka kuphewa lakumanja, ikumakanda."

A Dez anaseka chamumtima. Mayi Ackroyd anaimirira, nasasa maondo, napita pakona pamene panali mpando wakale uja. Anaunyamula n'kuuika m'manja mwa Ewan. Unali wopepuka, wakuda, wooneka ngati chigoba cha mwana wina wamng'ono amene Ewan sankamudziwanso.

"Uwu upite nawo kwanu," anatero. Mtima wa Ewan unagwa, chifukwa anaganiza kuti kumeneko ndiye kutsanzikana. "Watsopanowu usauzolowere. Mmene ukudyeramu, pofika Febuluwale udzakhala utakuthina. Udzabwere tidzaumbe wina, ndipo ukadzangoyamba kufinya udzanene tsiku lomwelo."

Mawuwo anatenga kanthawi kuti afike. Ewan anayang'ana a Dez, amene anamutsinzinira diso. Anayang'ana mayi ake, amene ankapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Febuluwale?" anafunsa. "Ndiye kuti..."

"Makutu akowo ayambanso?" anakuwa Tamsin ali kuseri kwa mulu wa matayala, chikho chili m'khwapa. "Akuti tikupirirenso chaka china, Mlongoti!"

Ewan anangoima pamenepo atakumbatira mpando wakalewo, mapewa atagwa monga mwa chizolowezi.

"Wongoka, mwana iwe," anatero mayi ake.

Ewan anawongoka, msana wonse mpaka khosi, ndipo mutu unakagunda chitseko cha galaja chimene a Dez anali atachitsitsa pang'ono. Chinalira ngati mgolo wopanda madzi. Onse anaphulika kuseka, ngakhale Mayi Ackroyd. Ewan anasisita pamutu, naseka nawo, koma sanapindikenso.